Ziweto Nazo Zili ndi Mwambo Wake

"Atambala awiri salira m'khola limodzi," amatero akuluakulu polangiza anthu, koma mawuwa anachokera pakhola penipeni. Ziweto zimadziwana, zimaopana ndiponso zimapatsana ulemu monga mwa mphamvu zake. Mlimi wosazindikira mwambo umenewu amaluza mazira, mkaka ndi nyama, chonsecho matenda sanalowe m'khola.

M'chaka cha 1922 katswiri wina wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafalitsa zimene anaona poyang'anitsitsa nkhuku. Iye anapeza kuti nkhuku iliyonse imadziwa anzake amene ingawajomphe ndi ena amene iyenera kuwapatukira. Maudindowa akakhazikika ndewu zimachepa, koma ya kumapeto imadya zotsala. Ngati modyera ndi mmodzi, yofookayo imaonda ndipo imaleka kuikira. Mankhwala ake n'kuika modyera ndi momwera muwiri kapena mutatu motalikirana, pakuti nkhuku yankhanza singalondere malo onse nthawi imodzi. Nkhuku yogula kumene isungidwe payokha masabata awiri kuopa chitopa, kenaka ikhale masiku angapo poonana ndi zinzake kudzera m'mpanda isanasakanizidwe.

Ng'ombe nazo n'chimodzimodzi. Zazikulu ndi zanyanga zitalizitali zimayamba kudya ndi kumwa. M'chilimwe, msipu ukasowa ndipo mlimi akuwonjezera madeya kapena mapesi, zazing'ono ndi zoonda, zimene zikufunikitsa chakudyacho, ndizo zimagundidwa n'kukankhidwira kunja. Zoterezi zizidyera pazokha.

Khalidwe la pagulu limaululanso nthawi yokweretsa. Ng'ombe yaikazi imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 alionse, ndipo chizindikiro chodalirika n'chakuti imaima chilili zinzake zikamaikwera. Nthawiyi sikwana tsiku lathunthu, ndipo kwa ng'ombe za mtundu wa Zebu imafupikirapo. Woweta amene sayendera khola m'mawa ndi madzulo amaiphonya, nadikira masabata ena atatu.

Pokama, ng'ombe imafuna malo, nthawi ndi munthu amene inazolowera. Timadzi ta m'thupi totsitsa mkaka timagwira ntchito mphindi zochepa chabe, ndipo mantha amatitsekereza. Chikwapu, phokoso ndi agalu pokamira zimachepetsa mkaka m'ndowa.

Ana a nkhumba amagawana mawere m'masiku oyambirira, ndipo aliyense amakakamira lake mpaka kuleka kuyamwa. Make amayamwitsa pafupifupi ola lililonse, koma mkaka umatuluka kwa masekondi 10 mpaka 20 okha. Kamwana kopanda bere lake kamatha nthawiyo kakulimbana, ndipo kamapinimbira. Choncho ana akachuluka kuposa mawere, ena apatsidwe kwa nkhumba ina yoswa kumene m'masiku awiri oyamba, pokhapokha atayamwa mkaka woyamba wa make.

Nkhosa zimadziwana kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. M'chaka cha 2001 Keith Kendrick ndi anzake, pafupi ndi Cambridge ku Mangalande, anasonyeza kuti nkhosa imakumbukira nkhope za zinzake 50 kwa zaka ziwiri. Nkhosa yopatulidwa yokha imalira ndi kusowa mtendere. Yofunika chithandizo itsekeredwe poonana ndi zinzake. Koma chiweto chikadzipatula chokha pagulu, kawirikawiri chimakhala kuti chadwala kapena chatsala pang'ono kuswa, ndipo mbusa watcheru amauza mwini wake tsiku lomwelo. Nkhosa kapena mbuzi ikaswa imaphunzira fungo la mwana wake m'maola oyamba pomunyambita. Ikasokonezedwa pamenepo ikhoza kumukana.

Pokusa ng'ombe kunka ku dibi kapena kumsika, nzeru zimaposa ndodo. Temple Grandin wa ku America, amene wakhala zaka zambiri akuphunzira kasamalidwe ka ziweto, anafotokoza kuti ng'ombe imaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni. Munthu akaima chammbali, kumbuyo kwa phewa lake, imapita patsogolo. Akaima kutsogolo kwa phewalo, imabwerera m'mbuyo. Wotulukira mwadzidzidzi kumchira ndiye amaponderedwa chibakera cha mwendo. Yotsogolera ikangolowa, zinazo zimatsata zokha.

Zonsezi sizilira ndalama zambiri: modyera mwina, kampanda kogawa khola, ndi mphindi zochepa zoima phee pakhola tsiku ndi tsiku. Woweta wodziwa imene ikudya poyamba, imene ikutsalira ndi imene yadzipatula amaitana alangizi a ziweto nthawi ikadalipo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.