Khansa ikapezeka mayi ali woyembekezera: zomwe zinakambidwa pa msonkhano wathu wa Loweruka

 Funso lomwe munaponya m'bokosi lija ndi ili: mayi woyembekezera akapezeka ndi khansa, kodi mankhwala odzera mudiripi aja, omwe madokotala amati chemotherapy, saononga mwana m'mimba?

Nkhani yagona pa miyezi. Miyezi itatu yoyambirira ndi pamene mtima, ubongo, manja ndi miyendo ya mwana zikuumbika. Mankhwalawa amapha maselo ochulukana msanga, ndipo sasankha kuti awa ndi a khansa, awa ndi a mwana. Nthawi imeneyi mayi angathe kupita padera kapena mwana kubadwa ndi ulumali, n'chifukwa chake madokotala amayesetsa kuwapewa.

Koma pakati pakadutsa masabata 14, zinthu zimasintha. Dokotala wa ku Belgium, Frédéric Amant, ndi anzake anatsatira ana 129 omwe amayi awo anapezeka ndi khansa ali oyembekezera, ambiri mwa iwo atalandira chemotherapy. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Anawo atayezedwa ali ndi chaka ndi theka komanso zaka 3, nzeru zawo sizinasiyane ndi za ana ena. Chomwe chinkawabweza m'mbuyo, tamverani bwino apa, ndi kubadwa masiku asanakwane. Ndiye maganizo oti “mwana atuluke msanga kuti mayi ayambe mankhwala” si achifundo monga amamvekera.

Sindikuti ndi zophweka ayi. Ana ena amabadwa ochepa thupi. Mankhwala ena, monga methotrexate, saperekedwa n'komwe kwa woyembekezera. Diripi amaimitsa kwatsala masabata pafupifupi atatu kuti mayi achire, magazi ake ndi a mwana abwerere m'malo. Ndipo mayi amene akulandirabe mankhwalawa sayamwitsa, choncho banja likonzekeretu za mkaka.

Kwa ine, chomwe chikutipweteka kuno ku Mzimba ndi kuchedwa. Mlamu wanu wamva chotupa cholimba m'bere, anthu akuti ndi mkaka ukubwera. Wina akutaya magazi, akuti adikire achire kaye. Bambo ali ku Joni, apongozi akuti sitingachite kanthu mwini wake asanabwere mu Disembala. Khansayo ikudikira ndani? Foni ilipo, muimbireni lero lomwe.

Chizindikiro chotere anene kwa namwino ku sikelo, kaya pachipatala cha paboma, ku Embangweni kapena ku Jenda. Kuyeza ndi kumene kunganene ngati ili khansa kapena ayi. Ikakhala khansa, amamutumiza ku zipatala zikuluzikulu monga Mzuzu Central, kapena Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kuli malo othandizira odwala khansa. Ulendowo ngwautali ndipo suyendedwa kamodzi. Apampando, ndikupempha kuti tisanabalalike tikambirane zoika padera kandalama ka thiransipoti ya mayi wotere ndi womudikirira wake.