"Bite the bullet": tiluma chipolopolo mpaka liti?

Nawa mawu amene ndinayankhula pa msonkhano wathu dzulo. Mukawerenga tumizirani ena.

Akuluakulu akafuna kutiuza nkhani yowawa ya zachuma amathawira ku Chingerezi, ati "we must bite the bullet". Tanthauzo lake ndi kulimba mtima n'kulandira chowawa chimene sungachizembe. Amati mawuwa anachokera ku nkhondo zakale: msilikali wovulala ankamupatsa chipolopolo kuti alume pamene dokotala akumung'amba popanda mankhwala oletsa ululu. Ndiye mvetsetsani apa: ululuwo unali wa kanthawi, cholinga chake munthu achire.

Nanga ife? Mu May 2022 kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, tinaluma. Mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, tinalumanso. Msodzi akugula petulo wa injini ya boti modula, usipa wakwera, amayi ogulitsa pamsika mpamba wawathera. Ineyo zaka 24, digiri ili m'chikwama, ntchito njee! Opaleshoni yake ndi yotani yosatha?

Choncho wina akakuuzani mawu amenewa, mufunseni zitatu: ululuwu utha liti, tichira matenda ati, nanga inuyo bwana mukuluma nafe limodzi? Kupirira sitikana, koma kupirira si kukhala chete.

Komanso kwathu kuno chipolopolo si mwambi chabe. Pa 20 July 2011 chinapha anzathu m'misewu. N'chifukwa chake ife timayenda mwamtendere, m'manja muli zikwangwani basi.