Akakubera Ngolo ndi Zida: Mawu kwa Wobedwa, Wogula, Wakuba ndi Mpingo



Lero tikambirane za chilonda chimene chili m'midzi mwathu: kubedwa kwa ngolo ndi zida zogwirira ntchito. Tonse timadziwa mmene zimachitikira. Mmisiri wa matabwa amagona ngolo yake ili pakhomo, bokosi la zida lili m'khumbi. M'mawa apeza mikwakwa ya matayala yokha. Macheka, nyundo, sompho ndi chopalira matabwa zonse zapita. Kwina aba pulawo ndi goli, kwina makina owotcherera zitsulo, kwina sola ndi pampu ya kudimba. Nthawi zina amatenga ndi ng'ombe zomwe, kuti zikokere ngoloyo kutali kusanache.

Kwa munthu wa m'tauni ngolo ndi chitsulo ndi matabwa chabe. Kwa ife ngolo ndi imene imatuta chimanga kumunda, imanyamula thonje ndi nthochi kupita ku msika, imabweretsa feteleza, njerwa ndi mchenga. Usiku, mayi akamva kuwawa kwa pakati ndipo galimoto kulibe, ngolo yomweyo ndi imene imamufikitsa kuchipatala. Pa maliro imanyamula nkhuni ndi bokosi. Choncho wakuba ngolo imodzi wabera mudzi wonse. Ndipo ambiri mwa eni zida zimenezi anazigula ndi ngongole, ena ku banki ya m'mudzi, ena kudzera m'makopaletivu amene analandira thandizo la CDF. Zida zikapita, ngongole imatsala.

Mulungu amadziwa kulemera kwa chida cha munthu. Pa Deuteronomo 24:6 Aisraeli analetsedwa kutenga mphero ya munthu ngati chikole cha ngongole, ngakhale mwala wake wapamwamba wokha. Chifukwa chake n'chakuti mphero ndiyo inkapera ufa wa tsiku ndi tsiku, ndipo kuitenga kunali ngati kutenga moyo wa mwini wake. Ngati Mulungu analetsa mwini ngongole, amene anali ndi ufulu wofuna zake, kuli bwanji munthu wobwera usiku wopanda chimene anakongoza? Tikumbukirenso kuti Marko 6:3 amatiuza kuti Yesu ankadziwika ngati mmisiri wa matabwa, ndipo Machitidwe 18 amatiuza kuti Paulo ankasoka mahema. Ambuye wathu amadziwa matuza a m'manja, ndipo kulira kwa mmisiri si kwachilendo kwa Iye.

Tiyambe ndi inu amene mwaberedwa. Pa 2 Mafumu 6 pali nkhani ya ana a aneneri amene anapita ku Yorodano kukadula mitengo yomangira nyumba. Mmodzi akudula, nkhwangwa yake inaguluka mumpini n'kugwera m'madzi. Analira kwa Elisa chifukwa nkhwangwayo inali yobwereka. Elisa sanamudzudzule kuti akulirira chinthu chaching'ono. Anamufunsa pamene yagwera, anadula kamtengo n'kuponya pomwepo, chitsulo chinayandama, ndipo anamuuza mnyamatayo kuti atambasule dzanja atole yekha. Taonani: Mulungu anachita mbali yake, koma mnyamatayo analoza malo, natambasulanso dzanja.

Kutambasula dzanja lero ndi kotani? Mukazindikira kuti mwaberedwa, musalole anthu kupondaponda pamalopo, chifukwa mapazi ndi mikwakwa ya matayala ndi mboni. Dziwitsani a mfumu a mudzi ndi a chitetezo cha m'mudzi m'mawa womwewo. Tumizani uthenga kumidzi yoyandikana, kwa oyendetsa njinga zamoto ndi kwa opalasa mabwato pa Luangwa, pakuti katundu wakuba sayenda m'mwamba. Kenako pitani kupolisi, ngakhale kuli kutali, kuti alembe nkhaniyo m'buku lawo. Nenani chida chilichonse ndi chizindikiro chake. Ambiri amati, "Ndikapita kupolisi ndingowononga ndalama ya ulendo." Koma katundu akadzapezeka ku Petauke kapena pa mlatho wa Luangwa patapita miyezi, amene sanakanene adzasowa potsimikizira kuti ndi wake. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pali njira ziwiri zimene mtima wowawa umathamangira, ndipo zonse ziwiri ndi maenje. Yoyamba ndi ya kwa sing'anga woombeza. Iye adzafuna nkhuku, mbuzi kapena ndalama, ndipo mudzakhala mutaberedwa kawiri. Choipa koposa, adzakulozerani munthu, kawirikawiri nkhalamba kapena mbale amene munali naye kale kamkangano. Ngolo siibwerera, koma udani umalowa m'banja mpaka kwa adzukulu. Tikudziwa midzi imene anthu a mimba imodzi sapatsana moto chifukwa cha mawu a woombeza.

Yachiwiri ndi ya kudzibwezera tokha. Wina akangokuwa kuti "Wakuba!", manja amayabwa, miyala ndi zibonga zili kale m'mwamba. Abale, ngakhale chilamulo cha Mose, chimene chinali chokhwima, sichinaike imfa ngati chilango cha kuba katundu. Eksodo 22 amalamula kubweza, ndipo amanena kuti wopha wakuba dzuwa litatuluka ali ndi mlandu wa magazi. Malamulo a dziko lathu la Zambia nawonso ndi omveka: opha munthu pa gulu amazengedwa mlandu wakupha. Ngolo imagulidwa ina, moyo sugulidwa. Ndipo gulu likakwiya silifufuza. Nthawi zina womenyedwayo amakhala mlendo wodutsa m'njira. Mukamugwira munthu, mumusunge wamoyo ndi wosavulala, mumupereke kwa a mfumu ndi apolisi.

Tsopano tilankhule ndi ife tonse, chifukwa wakuba sayenda yekha. Munthu saba macheka kuti adye. Amaba chifukwa akudziwa kuti alipo adzagula. Mnyamata akabwera madzulo ndi pulawo pa mtengo wa nkhuku zitatu, nanena kuti, "Tengani msanga, ndili ndi vuto," mtima umadziwa kale. Amene amagula matayala a ngolo opanda mwini wodziwika, amene amalandira zitsulo zodulidwadulidwa osafunsa, amene amagula nyama ya ng'ombe yophedwa usiku kuthengo, onsewo ndi amene amasunga ntchito ya wakuba. Miyambo 29:24 imachenjeza kuti wogawana ndi mbala amadziwononga yekha. Lamulo la milandu la dziko lathu, Penal Code, Chaputala 87, limaika kulandira katundu wakuba ngati mlandu paokha, wa zaka zofika 7 m'ndende. Wakuba ng'ombe amalandira zaka zosachepera 5. Choncho musanagule chida kapena ngolo, funsani kumene yachokera, ndipo malondawo achitike masana, pamaso pa mboni kapena a mfumu. Ng'ombe ikachokera kutali, funsani kalata ya a mfumu ndi chilolezo cha a zoweta. Wogulitsa zake zenizeni sakwiya ndi mafunso.

Palinso tchimo la kukhala chete. Levitiko 5:1 amanena kuti munthu amene waona kapena akudziwa kanthu, koma osachitira umboni pamene afunsidwa, amasenza mlandu. Apa m'pamene pali povuta, chifukwa wakuba wa m'mudzi ndi mwana wa winawake. Makolo anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mayi waona mwana wake akubisa bokosi la zida kuseri kwa nkhokwe, ndipo mtima ukuti, "Ndikanena, mwana wanga amangidwa." Amalume amva, agogo amva, onse ali duu. Koma kumbukirani Akani pa Yoswa 7. Anakwirira zakuba pansi pa hema wake, ndipo tsoka linagwera banja lake ndi mtundu wonse. Mwana amene tamubisira macheka lero adzaba ng'ombe mawa, ndipo tsiku lina adzagwidwa kumudzi kumene alibe mbale womulekerera. Kumukonda mwana ndi kumugwira dzanja n'kupita naye kwa mwini katundu nthawi isanathe.

Ndipo iwe mbale amene unatenga za mnzako, mwina ukumva mawu awa uli wekha. Sitikukuponyera mwala. Tikudziwa kuti zaka zina zimakhala zowawa. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chomwecho, chinasiya nkhokwe zambiri zopanda kanthu. Koma njala yomweyo inagweranso amene unamuberayo, ndipo iwe unamulanda ndi chomwe akanadzipulumutsira. Tamvera mmene Mulungu anakonzera njira yobwerera. Pa Eksodo 22, wakuba ng'ombe n'kuipha kapena kuigulitsa ankabweza ng'ombe 5, ndipo wakuba nkhosa ankabweza 4. Koma pa Levitiko 6, munthu wozindikira kulakwa kwake n'kubweza yekha ankapereka chinthucho n'kuwonjezapo limodzi la magawo 5 basi, kenako n'kupita kukapereka nsembe. Ukuona kusiyana kwake? Wobwera yekha katundu wake ndi wopepuka kuposa wa wogwidwa. Onanso dongosolo lake: kubweza kunkayamba, nsembe inkatsatira. Sungaimbe mu kwaya ndi mtima woyera pamene nyundo ya mnzako ili padenga pako.

Zakeyu wa ku Yeriko, pa Luka 19, atalandira Yesu m'nyumba mwake sanangolira misozi. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Ngati ukuopa kupita wekha, pita kwa mkulu wa mpingo, kwa abusa, kwa ansembe kapena kwa a mfumu, akuperekeze. Ngati unagulitsa kale, ulula amene anagula, ndipo gwirizanani mmene udzalipirire, kaya ndi mbewu pokolola kaya ndi ntchito ya manja. Aefeso 4:28 amalangiza wakuba kuti asiye kuba, agwire ntchito ndi manja ake, kuti akhale ndi chogawira osowa. Kuno ku chigwa cha Luangwa taona ndi maso athu kuti munthu amasintha. Alipo amuna amene ankapha nyama zakuthengo mosaloledwa, amene anapereka mfuti ndi misampha yawo kudzera ku COMACO n'kuyamba ulimi, kuweta njuchi ndi umisiri. Ngati wa mfuti anatha kusiya, iwenso ungathe.

Kwa wobedwa tinenenso mawu amodzi ovuta: kukhululuka. Kukhululuka sikutanthauza kuti mlandu usapite kwa a mfumu kapena kukhoti, kapena kuti musafune katundu wanu. Kumatanthauza kuti mwasiya kufunira munthuyo zoipa, ndipo simudzalanga mkazi wake ndi ana ake chifukwa cha dzanja lake. Wakuba anatenga ngolo. Musamupatsenso tulo tanu ndi pemphero lanu. Akabwera kudzabweza, mulandireni pamaso pa mboni, ndipo nkhaniyo ikatha ithedi.

Nanga mpingo uchitenji? Kupepesa pakamwa sikulima munda. Mvula siidikira munthu amene waberedwa pulawo. Ngati mbale wataya ngolo, ife amene tili nazo timugawire masiku: Lachiwiri ya uyu, Lachisanu ya uja, mpaka atatuta. Amisiri anzake amubwereke macheka ndi chopalira, amalize mipando imene analandirira kale ndalama. Tikhoza kusonkha pang'onopang'ono m'miphakati ndi m'magulu a amayi, a abambo ndi a achinyamata, kuti agule chida chimodzi choyambira. A banki ya m'mudzi amuwonjezere nthawi yobwezera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza, tiphunzire kwa Nehemiya. Pamene adani ankaopseza omanga linga la Yerusalemu, Nehemiya 4 amatiuza kuti anthu anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Pemphero ndi loko sizitsutsana. Dindani dzina lanu kapena chizindikiro pa chida chilichonse ndi chitsulo chamoto, malo awiri, ena oonekera ena obisika. Ngolo muilembe ndi penti, ndipo wowotcherera aike chizindikiro pansi pake. Amene ali ndi foni yojambula ajambule zida, nambala za makina ndi ng'ombe zake. Sungani malisiti m'Baibulo kapena m'chitini. Usiku ngolo imangidwe ndi tcheni pamtengo pafupi ndi khomo, zida zigone m'nyumba. Mukabwereketsa, pakhale mboni ndi tsiku lobweza. Ndipo abambo a m'mudzi asinthane kulondera, makamaka nthawi yokolola ndi pamene anthu onse apita ku maliro kapena kumapemphero a usiku, pakuti akuba amadziwa kalendala yathu. Mutu umodzi susenza denga.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene munamva kulira kwa mnyamata wa nkhwangwa yobwereka, imvani kulira kwa amisiri, alimi ndi amalonda amene aberedwa zida zawo. Apatseni chakudya cha ana awo ndi mtima wosafuna kubwezera. Gwirani mtima wa amene anatenga za mnzake, kuti abweze lisanafike tsiku loipa. Tipatseni kulimba mtima kuti tikane katundu wakuba ndi kunena zoona ngakhale zikhudza a pabanja pathu. Patsani nzeru mafumu athu ndi apolisi, kuti aweruze molungama. Dalitsani ntchito ya manja athu, ndipo sungani midzi yathu usiku uno. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.