KHUTUBA YA IJUMAA: Chilungamo M'nyengo ya Njala

Chidule cha khutuba yomwe inaperekedwa pa umodzi mwa mizikiti ya ku Mbayani, mumzinda wa Blantyre.

Timuyamika Allah, Mwini kupereka ndiponso Mwini kumana, amene watisonkhanitsa pa tsiku lolemekezekali tili amoyo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, talowa m'miyezi ija imene mphika umachedwa kupita pamoto. Ambiri a ife kuno ku Mbayani tilibe nkhokwe. Nkhokwe yathu ndi kajumbo ka ufa kaja timakatcha wokumani, kogula madzulo ganyu akapezeka, ndipo akapanda kupezeka ana amagona ndi madzi. Abale athu amene tinawasiya ku Makanjira, ku Malindi, ku Chipoka ndi ku Nkhotakota nawonso akudziwa kuti mvula ikalimba ndi nyanja ikawinduka, bwato limakhala pamtunda ndipo m'nyumba mumalowa chete. Njala si mlendo pakati pathu. Agogo athu ankasimba za njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma lino la Blantyre. Ambiri tinaiona ya 2002. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ndipo chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha chilala.

Chimene chatikhazika pa nkhaniyi lero ndi chapafupi kuposa zonsezo. Sabata yatha munagawidwa ufa pabwalo la mzikiti uno. Madandaulo atipeza akuti maina ena analembedwa kawiri, pamene amayi amasiye awiri kapena atatu amene tonse tikuwadziwa anabwerera manja ali m'khosi. Sititchula munthu pa mimbari pano, pakuti mimbari si bwalo la milandu. Koma sitingathenso kungotsokomola n'kudutsa. Tsono tiyeni tione m'mene anachitira atsogoleri amene anatitsogolera pamene njala inawagwera iwonso.

M'chaka cha 18 chisamukire Mtumiki (S.A.W) ku Madina, chomwe ndi chaka cha 639, chilala chinagwa m'dziko la Arabia. Nthaka inauma mpaka kuoneka ngati phulusa, n'chifukwa chake chakacho chimatchedwa chaka cha phulusa. Anthu a m'zipululu, ziweto zawo zitatha, anakhamukira ku Madina. Khalifa pa nthawiyo anali Umar bin Khattab (R.A), amene analamulira kuyambira 634 mpaka 644. Iye analembera abwanamkubwa ake kuti atumize chakudya, ndipo Abu Ubayda (R.A) anabwera ndi ngamira zosenza chakudya kuchokera ku Syria. Anakhazikitsa malo ophikira anthu, naika amuna oti aziwerenga amene adya ndi amene atumiziridwa chakudya kunyumba chifukwa cha matenda. Anaimika kutolera zakaat ya ziweto mpaka chaka chotsatira. Zonsezi boma lililonse lanzeru lingathe kuchita. Chimene sitichiona kawirikawiri ndi ichi: Umar analumbira kuti salawa nyama kapena mafuta a mkaka mpaka anthu wamba atayamba kuzipeza. Ankadya mkate ndi mafuta a azitona, m'mimba mwake mukulira, mpaka khungu lake linasintha mtundu. Munthu amene anali ndi makiyi a nkhokwe ya dziko lonse anadziika kumapeto kwa mzere.

Taonani bwino, abale. Iye sananene kuti wogawa ayenera kulawa kaye kuti apeze mphamvu zogawira. Mawu amenewo ndi athu, ndipo timawanena mosekaseka, ati wophika sagona ndi njala. Koma ufa wa sadaka si mphika wa panyumba pathu. Ndi amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo mwini wake ndi mayi uja amene alibe mwana wamwamuna womulankhulira pa komiti.

Pali nkhani ina ya Umar imene Imam Malik anaisunga m'buku lake la Muwatta, ndipo tikufuna kuti amene tili ndi antchito tiimve ndi makutu onse awiri. Akapolo a Hatib, mmodzi wa maswahaba amene anamenya nawo nkhondo ya Badr, anaba ngamira ya munthu wa fuko la Muzayna, naipha, naidya. Mlandu unafika kwa Khalifa. Umboni unalipo, ndipo iye anayamba walamula kuti chilango cha kuba chichitike. Kenaka anaimitsa. Anazindikira kuti anyamatawo ankagwiritsidwa ntchito koma osapatsidwa chakudya chokwanira. Anafunsa mwini ngamira mtengo wake, iye nati sakanaigulitsa ngakhale pa madirihamu 400. Umar anagamula kuti mbuye wa anyamatawo alipire 800, kuwirikiza kawiri, ndipo anyamatawo sanadulidwe manja.

Chigamulo chimenechi sichikuloleza kuba. Mwini ngamira sanataye kanthu, analandira chake ndi chowonjezera. Koma woweruza anafunsa funso limene ife timalilumpha: kodi njala imene yabala mlanduwu inachokera m'nyumba ya yani? Kuno m'makwalala athu wakuba akagwidwa timamva mfuu, anthu akuthamanga ndi miyala, ena kufunafuna petulo ndi tayala. Msilamu asapezeke m'gulu limenelo. Kupha munthu popanda bwalo ndi tchimo lalikulu kuposa kuba foni, ndipo apolisi ndi makhoti alipo. Koma tisanaloze chala mnyamata wa pamsewu, tidzifunse za mtsikana wantchito amene ali m'nyumba mwathu, amene tinakamutenga kumudzi ndi lonjezo la sukulu, ndipo miyezi itatu yatha osalandira kanthu. Tidzifunse za mlonda amene timamulipira tikakumbukira. Ndipo inu eni mabwato ndi zilimira kunyanja, anyamata amene amakesa usiku wonse pamadzi, kodi gawo lawo limawerengedwa iwo akuona, kapena mumayamba mwachotsa mafuta a injini ndi ngongole zimene iwo sanazionepo zitalembedwa? Shuga akasowa m'kabati timathamangira kunena kuti ana a masiku ano alibe khalidwe. Mwina n'zoona. Mwinanso mlanduwo ndi wa madirihamu 800, ndipo wolipira ndife.

Umar yemweyo ankayenda usiku m'njira za Madina kuti amve ndi makutu ake zimene akuluakulu omuzungulira sakanamuuza. Usiku wina atatopa anatsamira khoma la nyumba ina, namva mayi akuuza mwana wake wamkazi kuti athire madzi mumkaka asanapite nawo kumsika. Mtsikanayo anakumbutsa mayi ake kuti Khalifa analetsa zimenezo. Mayi anati Khalifa sali pano ndipo sakuona. Mtsikana anakanabe, ponena kuti sangamvere lamulo poyera n'kumaliswa kumbali, pakuti Mbuye wa Khalifayo akuona. Kutacha Umar anafufuza za banjalo, ndipo mtsikanayo anakwatiwa ndi mwana wake Asim. Mwana wawo wamkazi ndiye anadzabereka Umar bin Abdul Aziz, amene anakhala Khalifa kuyambira 717 mpaka 720. Ameneyu analamulira zaka ziwiri ndi theka zokha, koma anabweza kwa eni ake minda ndi chuma zimene akubanja lake lachifumu analanda, kuyambira ndi zake, ndipo mkazi wake Fatima, mwana wa Khalifa Abdul Malik, anapereka ndolo ndi mikanda yake ya mtengo wapatali ku thumba la boma.

Timakonda kusimba za Khalifa wolungamayo n'kuiwala kumene anachokera. Anachokera kwa wogulitsa mkaka wosauka, mumdima, pa nkhani ya kapu imodzi ya madzi. Amayi athu amene mumakhala pamsika wa Mbayani kuyambira m'mamawa, musaganize kuti mbiri ya Chisilamu inalembedwa ndi amuna a nduwira okha.

Nanga madzi a mumkaka athu ndi ati? Tikuwadziwa. Ndi chigoba cha usipa chimene chinamenyedwa pansi kuti chilowe m'kati. Ndi mulu wa tomato umene wofiira bwino ali pamwamba, wophwanyika ali pansi. Ndi thumba la makala limene pakamwa pake pali zikuluzikulu, m'mimba mwake muli fumbi. Ndi sikelo imene ili ndi nkhope ziwiri, ina yogulira chimanga kwa mlimi mu Meyi, ina yogulitsira mu Januwale. Mtumiki (S.A.W) tsiku lina analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika, napeza kuti m'kati mwake ndi monyowa, ndipo anamudzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti ogula achione. Sanamuletse kugulitsa chonyowa. Anamuletsa kuchibisa.

Pa mfundo imeneyi tili ndi chitsanzo cha Imam Abu Hanifa, amene anabadwa mu 699. Ambiri a ife a kunyanja timatsata mazihabu a Imam Shafi'i, koma ulemu wa maimamu anayiwo ndi umodzi. Abu Hanifa anali wamalonda a nsalu mumzinda wa Kufa. Zimasimbidwa kuti anatumiza katundu kwa mnzake wochita naye malonda, namuuza kuti nsalu imodzi ili ndi chilema, ndipo pogulitsa achinene. Mnzakeyo anaiwala, ndipo wogula sanapezekenso. Abu Hanifa sanati zachitika zachitika. Ndalama za katunduyo anazipereka sadaka. Munthu yemweyo, Khalifa Mansur atafuna kumupatsa udindo wa woweruza, anakana chifukwa choopa kuti adzakhala chidindo cha mfumu, ndipo anatsekeredwa m'ndende. Anamwalira ku Baghdad mu 767. Amene anakana phindu la nsalu imodzi ndi amenenso anatha kukana mpando. Sitikhulupirira kuti zinthu ziwirizi zinangokumana mwangozi mwa munthu mmodzi.

Ena anena kuti: Shehe, zimenezo n'za anthu okhuta, ife kwacha inagwa mtengo ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tikapanda kuchenjera tidya chiyani? Funsoli ndi lolemera ndipo sitilinyoza. Wamalonda ali ndi ufulu wokweza mtengo katundu akakwera kumene amaoda. Auze wogula kuti chigoba lero chili pakuti, wogula aone yekha. Chimene alibe nacho ufulu ndi kuchepetsa chigoba n'kusiya mtengo uli pomwepo, chifukwa pamenepo wogula akulipira chinthu chimene sanalandire. Katswiri wa mbiri Ibn Khaldun, amene anabadwira ku Tunis mu 1332 namwalira ku Cairo mu 1406 atagwirako ntchito ya uweruzi, anafotokoza kuti kupondereza kumagwetsa mizinda chifukwa anthu akaona kuti thukuta lawo likudyedwa ndi ena amaleka kulimbika, misika n'kuzilala. Mwa mitundu yoipitsitsa ya kupondereza anatchula kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza popanda malipiro, ndi kuwagula katundu wawo motchipa mowaumiriza kuti pambuyo pake awagulitsenso modula. Agogo athu amene anagwira thangata m'minda ya atsamunda sakanafuna womasulira. Ngakhalenso mlimi amene anatenga katapila mu Febuluwale n'kubweza matumba awiri pa thumba limodzi.

Tisachoke pano ndi maganizo akuti anthu olungama anathera ku Arabia, kapena kuti aliyense wakale anali wolungama. Chisilamu chinafika m'mbali mwa nyanja yathu m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'njira za malonda, ndipo tiyenera kunena zoona: ma Jumbe a ku Nkhotakota ndi mafumu ena amene analandira chipembedzochi ankachitanso malonda a akapolo. Zimenezo sitizibisa ndipo sitizitamanda. Koma m'mibadwo yomweyo munali Shehe Abdallah Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa nabwera kudzaphunzitsa m'midzi ya kunyanja mpaka imfa yake mu 1930, ndi Shehe Thabit Ngaunje, amene ophunzira ake anafalikira m'madera ambiri a dziko lino. Munali mayi Mtumwa binti Ali wa ku Nkhotakota, amene anabwera ndi twarika ya Qadiriyya kuchokera ku Zanzibar mu 1929 ndipo anaphunzitsa amayi ndi abambo omwe. Amene anasonkhanitsa minyanga ndi mfuti, chuma chawo chili kuti lero? Koma alifu ndi bee amene ana athu akuwerenga ku madrasa madzulo ano anadutsa m'manja mwa aphunzitsi amenewa. Ndipo a ku Salima mukudziwa za chilumba cha Mbenji, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wa kumeneko wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndi kuletsa mowa ndi juga pachilumbapo. Lamulo lotere limagwira pokhapokha ngati mphwake wa mfumu akuliopa monga m'mene akuliopera mlendo.

Tibwerere ku ufa wathu. Tikupempha zinthu zosavuta. Kaundula wa olandira awerengedwe mokweza pabwalo, monga m'mene Umar ankawerengetsera odya, kuti aliyense amve dzina limene lalowa ndi limene latsala. M'komiti yolemba maina mukhale amayi osachepera awiri, pakuti iwo ndi amene amadziwa nyumba imene utsi sunafuke dzulo. Wa m'komiti amene banja lake lili loyenera kulandira asadzilembe yekha, amulembe anzake, ndipo alandire pomaliza. Mnansi wathu amene si Msilamu koma ali ndi njala asadumphidwe chifukwa cha dzina lake. Ufulu wa mnansi sufunsa kumene amapemphera.

Ndipo amene akudziwa mumtima mwake kuti anatenga thumba lachiwiri, khomo la toba lili lotsegula. Sitimufunsa kuti aimirire pano. Chipinda chosungiramo mikeka chikhala chosakhoma kuyambira pambuyo pa Swala ya Isha lero mpaka Fajiri ya Lamulungu, ndipo palibe amene aikidwe kuti alondere pakhomo. Chimene chipezeke m'menemo, ufa kapena ndalama yake, amayi a m'komiti akachitula kwa amasiye aja Lamulungu m'mawa.

Allah atikhululukire ife ndi makolo athu, achize odwala athu, awachitire chifundo amene anatsogola, ndipo atigwetsere mvula ya madalitso yosaononga. Konzani mizere, tiimike Swala.