Lotus Elan: Galimoto Yopepuka, Mtolo Wolemera

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Mangalande, kumene kuli anthu amene amathera ndalama zawo ndi masiku awo opuma pa kagalimoto kamene kanaleka kupangidwa zaka zoposa 50 zapitazo. Dzina lake ndi Lotus Elan. Ndi galimoto ya mipando iwiri yokha, yaifupi mwakuti munthu wamkulu akaima pambali pake denga lake silimufika pachifuwa. Siinyamula katundu, siikwana banja, ndiponso siingapirire msewu wa mabampu. Komabe eni ake amaikakamira, ndipo ikakalamba amaiphwasula yonse n'kuimanganso.

Kampani ya Lotus inayambitsidwa ku London m'chaka cha 1952 ndi Colin Chapman, mnyamata amene anaphunzira za uinjiniya ndipo ankakonda mipikisano ya magalimoto. Iyeyu ankakhulupirira kuti injini yamphamvu imathandiza pamsewu wowongoka pokha, pamene galimoto yopepuka imapindula ponseponse: ponyamuka, pokhota, ngakhalenso poima. Elan inaonetsedwa koyamba mu Okutobala 1962 pa chionetsero cha magalimoto ku Earls Court mu London, ndipo amene anatsogolera pojambula maonekedwe ake anali Ron Hickman, mbadwa ya ku South Africa. Galimoto yonseyo inkalemera makilogalamu pafupifupi 680. Kunena kwina, matumba 14 a chimanga a makilogalamu 50 amaiposa kulemera. Injini yake ya 1558 cc sinali yaikulu, koma poti inalibe zambiri zoti ikoke, mtundu wotsiriza wotchedwa Sprint, umene unatuluka mu 1971, unkafika liwiro la makilomita 190 pa ola.

Chinsinsi cha kupepukaku chili pa zinthu ziwiri, ndipo zinthu ziwiri zomwezo ndizo zimabweretsa mavuto kwa mwini wake. Choyamba ndi chimango. M'malo mwa zitsulo zolemera, Elan ili ndi msana umodzi wopangidwa ndi chitsulo chopyapyala chopindidwa ngati bokosi, wokhala ndi mphanda kutsogolo ndi kumbuyo. Mphanda yakutsogolo imanyamula injini, yakumbuyo imanyamula difu ndi matayala. Msana wonsewo sulemera kufika thumba limodzi la chimanga. Chachiwiri ndi thupi, limene si lachitsulo ayi koma la fibreglass, ulusi wagalasi woumbidwa pamodzi ndi guluu wapulasitiki, monga amapangira mabwato ena amakono. Thupili limangokhazikidwa pamwamba pa msanawo ngati chishalo pa bulu, n'kumangidwa ndi mabawuti.

Tsono apa ndi pamene ogula ambiri amagwera m'mbuna. Fibreglass siichita dzimbiri. Galimoto ya zaka 55 ikhoza kumanyezimira ngati yatsopano pamene msana wake wadyeka kale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa chimango kuli timizati tiwiri tamphako timene timagwira zitsulo za matayala. Timizatiti tili ndi timabowo totulutsira madzi, koma matope akatseka timabowoto madzi amakhazikika m'katimo. Kuwonjezera apo, nthawi yachisanu misewu ya ku Mangalande imathiridwa mchere pofuna kusungunula madzi oundana, ndipo mchere ndi mdani wa chitsulo. Dzimbiri limayamba m'kati kumka kunja, kotero kuti pamene liziti lioneke ndiye kuti chitsulo chatsala ngati pepala. Kamzati kotere kakathyoka galimoto ili pa liwiro, tayala lakutsogolo limapindikira m'kati ndipo chiwongolero chimakhala chopanda ntchito. N'chifukwa chake wogula wanzeru salabadira penti. Amayamba wagona chagada pansi pa galimoto, tochi ndi sikuludiraiva zili m'manja, kugogoda chitsulo ndi kumvetsera kulira kwake.

Udindo umenewu unakula m'chaka cha 2018, pamene boma la Britain linalola kuti magalimoto ambiri opitirira zaka 40 asamakakamizidwenso kukayezedwa chaka ndi chaka. Eni ake ena anakondwa. Koma tanthauzo lake ndi lakuti woyeza amene kale ankaloza dzimbiri ndi chala sadzaionanso galimotoyo, pokhapokha mwini wake ataipereka yekha mwa kufuna kwake. Lamulo likunenabe kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale yabwinobwino, ndipo mlandu ukagwa umagwera mwini.

Ngakhale Elan ya chimango cholimba imafuna dzanja la munthu kawirikawiri. Injini yake, imene m'munsi mwake ndi mwa Ford koma mutu wake unakonzedwa ndi Harry Mundy, imadziwika ndi kudontha oyilo. Pampu yamadzi inabisika kutsogolo kwa injini mwa njira yakuti poisintha amayenera kuchotsa mutu wonse wa injiniyo. Chimene chimaipha msanga ndi lamba wa fani womangitsa kwambiri. Motero kulakwitsa kwa mphindi imodzi ndi sipanala kumabala ntchito ya masiku awiri. Kumbuyo, mphamvu ya injini imafika ku matayala kudzera m'mikombero inayi ya labala, imene eni ake amaitchula kuti madonasi chifukwa cha maonekedwe ake. Mikomberoyi imapindika ndi kubwerera ngati legeni, ndipo woyendetsa wosazolowera amanyamuka modumphadumpha ngati chule. Labalayo akang'ambika, chitsulo chomasukacho chimakwapula chilichonse chimene chili pafupi, kuphatikizapo mabuleki. Kutsogolo, tizitsulo tamkuwa timene tayala limazungulirapo pokhota tinabwerekedwa ku galimoto ya Triumph Herald, ndipo timafuna kuthiridwa oyilo nthawi ndi nthawi. Tikauma timadyeka mwakachetechete.

Nkhani ya magetsi ndiyo imayesa mtima. M'galimoto yachitsulo, thupi lenilenilo limabweza magetsi ku batire. Fibreglass siiyendetsa magetsi, choncho nyale iliyonse ndi chipangizo chilichonse chili ndi waya wakewake wobwezera. Waya mmodzi akachita dzimbiri polumikizira, nyale imodzi imayaka m'malo mwa inzake, ndipo mwini galimoto amatha Loweruka lonse akufufuza. Nyale zakutsogolo nazo zili ndi khalidwe lawo. Zimabisika m'thupi, ndipo pa magalimoto oyambirira zinkatukulidwa ndi mpweya wokokedwa ndi injini, umene nkhokwe yake ndi mtanda wakutsogolo wa chimango chomwe chija. Mtandawo ukabooka, nyale zimawerama pang'onopang'ono usiku galimoto ikukwera phiri. Pambuyo pake a Lotus anatembenuza makonzedwewo kuti mpweya ukathawa nyale zizitsala zili chitukulire.

Pali chinthu china chimene wokonza Elan amakumana nacho chimene sichipezeka pa magalimoto ena. Kufikira mu 1973, munthu wa ku Britain ankatha kupewa msonkho wogulira galimoto akaigula m'zigawozigawo n'kukaimaliza yekha kunyumba. Ma Elan ambiri anagulitsidwa motero. Thupi linkabwera lopentedwa kale, koma injini, magiya ndi zitsulo za matayala ankamangirira ndi mwini wake pamodzi ndi anzake. Ena anali amisiri enieni, ena anali aphunzitsi ndi madokotala ongoyesa mwayi. Pamwamba pa ntchito yawoyo pawonjezekanso manja a eni ake asanu kapena khumi otsatira, aliyense ndi nzeru zake. Wophwasula lero amawerenga mbiri yonseyo m'mabawuti osiyana misinkhu ndi mawaya olumikizidwa ndi tepi.

Ntchito yobwezeretsa galimoto yotere mwakale imayamba ndi kulekanitsa thupi ndi msana. Mabawuti akamasulidwa, anthu owerengeka akhoza kunyamula thupilo ndi manja n'kuliika pambali. Chimango chodyeka sachiwotcherera, pakuti chitsulo chake n'chopyapyala ndipo chigamba chimangobisa matenda. Amagula chatsopano, kawirikawiri choviikidwa mu zinki monga amachitira ndi malata kuti asachite dzimbiri. Mwayi wake ndi wakuti zipangizo zambiri zinabwerekedwa ku Ford ndi Triumph, ndipo ku Britain kuli makampani ang'onoang'ono amene amapangabe pafupifupi chilichonse chofunika.

Chimene chimadya nthawi ndi thupi. Fibreglass ikakalamba imachita ming'alu yonga ukonde wa kangaude, makamaka pozungulira zogwirira zitseko ndi pamene panagundidwapo. Kupaka penti pamwamba pake n'kudzinamiza, chifukwa pakapita miyezi ming'aluyo imatulukiranso. Mng'alu uliwonse amaupala kufikira pamene wathera, n'kuyalapo ulusi watsopano ndi guluu, n'kusalaza. Mankhwala wamba ochotsera penti sagwiritsidwa ntchito chifukwa amadya pulasitikiyo, motero penti yakale imachotsedwa ndi manja, chigawo ndi chigawo. Kenaka thupilo liyenera kuuma kotheratu, pakuti chinyezi chotsalira m'kati chimadzatukusira penti yatsopano ngati matuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amisiri amatha maola mazanamazana pa ntchito imeneyi yokha, ndipo munthu wogwira yekha madzulo ndi kumapeto kwa sabata amatha zaka. Si zachilendo kuti ndalama zonse zolowa zipose mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwe. Si zachilendonso kuona Elan ikutsatsidwa ili m'makatoni, mwini wake atatopa nayo pakati panjira.

Pakati pa eni ake pali mkangano umene sutha. Ena amati galimoto ibwerere monga inatulukira ku fakitale ya Cheshunt kapena ya Hethel, kumene a Lotus anasamukira mu 1966, ngakhale zofooka zake zomwe. Ena amachotsa madonasi a labala aja n'kuikapo zolumikizira zachitsulo zamakono, amaika pampu yamadzi yosavuta kusintha, ndipo ena amasankha chimango cha mapaipi chopangidwa ndi kampani ya Spyder m'malo mwa msana wa Lotus. Oyambawo amafunsa kuti, chimango chikasinthidwa, labala akachotsedwa, injini ikakonzedwanso, chatsala cha 1965 n'chiyani? Funsoli ndi lomveka, ndipo pamsika galimoto yosasinthidwa ndiyo imagulidwa bwino. Koma pa zinthu zokhudza moyo wa munthu, monga chimango ndi mapaipi a mabuleki, kuumirira chakale n'kupanda nzeru. Chapman mwini wake sankamangira galimoto kuti idzakhale zaka 60, ndipo sankazengereza kutaya chipangizo akapeza china choposa.

Nanga amavutikiranji? Yankho lili pa chiwongolero. Galimoto yopepuka chotere imamvera nsonga za zala, ndipo woyendetsa amamva m'manja mwake chilichonse chimene matayala akuponda. Jim Clark, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Formula One mu 1963 ndi 1965, ankayendera Elan pamisewu wamba. Gordon Murray wobadwira ku Durban, amene anakonza galimoto yotchuka ya McLaren F1, wakhala akutamanda chiwongolero cha Elan kwa zaka zambiri. Nawonso a Mazda a ku Japan anaiphunzira mofatsa asanatulutse MX-5 mu 1989, ngakhale kuti yawoyo inatuluka yolemerapo ndithu.

Zaka zaposachedwapa zawonjezera ntchito ina. Kuyambira mu Seputembala 2021, petulo wamba wa ku Britain amasakanizidwa ndi ethanol kufika magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala. Pa injini ya Elan makabuleta ali pamwamba penipeni pa chipangizo chogawira moto ku mapulagi, kotero kuti dontho la petulo limagwera pamene pali nthetche. Galimoto yachitsulo ikapsa pamatsala chigoba, koma fibreglass imayaka yonse. Pachifukwa ichi eni ake ambiri anasintha mapaipi onse a mafuta, amagula petulo wa ethanol wochepa ngakhale ndi wokwera mtengo, ndipo amayenda ndi chozimira moto pafupi ndi mpando. M'mawa asanalize injini amatsegula boneti, n'kuyendetsa chala kunsi kwa makabuleta, n'kuchinunkhiza.