Mau a Mphunzitsi pa Tsiku la Cikondwerero: Za Pulofesa Adamson Muula

Ife ogwira coko tinapemphedwa kunena za munthu wophunzira wa m'dziko lathu lino, kuti ana amve. Ndipo tasankha Pulofesa Adamson Muula, wa ku sukulu ya udokotala ya m'Blantyre muno.

Sukuluyo inatsegulidwa caka ca 1991, ndipo iye analandira udokotala wace komweko. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku America, naphunzira za umoyo wa anthu ku Loma Linda, natsiriza ku Chapel Hill, ku North Carolina, kumene anaphunzira kulondola mayendedwe a nthenda pakati pa anthu. Ambiri akaoloka cotero satibwereranso; koma iye anabwera, naphunzitsa, nakwera kufikira upulofesa. Caka ca 2021 sukuluyo inaphatikizidwa ndi ya anamwino, ndipo dzina lace tsopano ndilo Kamuzu University of Health Sciences.

Koma cimene citikhudza ife aphunzitsi ndi ici. Sing'anga alindira wodwala pa khomo la cipatala. Uyu anafuna kudziwa cimene munthu acita asanadwale. Caka ca 2007 anasindikiza zimene anapeza za kusuta fodya pakati pa ana a sukulu a m'Blantyre. Mayankho anali a ana eni ace. Ndipo cinaoneka poyera kuti mwana amene mabwenzi ace asuta, iyenso sacedwa kuyamba.

Pamenepa tinacita manyazi. Pakuti kale, tikampeza mnyamata ali ndi ndudu kuseri kwa cimbudzi, tinkamlanga yekha, ndi kuyesa kuti mlandu watha. Pamene anzace amene anamyatsira moto anali m'kalasi, ali duu, alikutipenya. Mwezi usanathe tinkampezanso wina, pa malo omwewo.

Nkhani iyi ibvuta kuinena, tibvomere. Pakuti fodya yemweyo ndiye alipirira sukulu ana a abale athu akumudzi, ndipo caka ndi caka tiona magalimoto ace alikunka ku msika wa ku Limbe. Komabe ana osutawo ali athu, a m'nyumba zathu zomwezi.

Tsono masiku ano tikampeza mmodzi, tiitana gulu lace lonse pamodzi ndi makolo ao, tikambirane pansi pa mtengo. Atate ena afika pa bwalolo ndudu iri m'thumba la malaya; iwonso tiwapatsa mpando.