Matenda a Sickle Cell: Mayi Sanalakwe

M'sewero lija tinamva apongozi akunyoza mayi wina kuti ndiye anabweretsa tsoka pabanja, poti mwana wake sachira. Mwanayo anali ndi matenda a sickle cell. Tiyeni tikambirane bwino za matendawa.

Matendawa ndi akumtundu. Si ufiti, ndipo sapatsirana. M'magazi mwathu muli timaselo tofiira tobulungira, tomwe timakhala masiku 120. Mwa mwana wodwala, timaseloti timapindika ngati chikwakwa, timatseka mitsempha, ndipo timafa pakangotha masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake mwana amasowa magazi ndi kumva ululu.

Mwana amadwala pokhapokha akatengera mbewu ya matendawa kwa bambo ndi mayi omwe. Kholo lokhala ndi mbewu imodzi limaoneka lathanzi, ndipo kawirikawiri silidziwa kuti lili nayo. Makolo onse akakhala nayo, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wodwala. Choncho mayi asanyozedwe, ndipo banja lisathe.

Nanga n'chifukwa chiyani mbewuyi ndi yochuluka kuno ku Africa? M'chaka cha 1954, Anthony Allison anapeza kuti anthu okhala ndi mbewu imodzi sadwala malungo oopsa kawirikawiri. Kalekale ana otere ankapulumuka, n'kukula, n'kupatsira ana awo mbewuyo. Koma kwa mwana amene watengera mbewu ziwiri, malungo ndi oopsa kwambiri.

Zizindikiro zimayamba mwana akamakwanitsa miyezi 5 kapena 6. Manja ndi mapazi amatupa, maso amachita chikasu, zikhatho zimayera, ndipo mwana amalira chifukwa cha kuphwanya kwa mafupa. Mukaona izi, pemphani kuti amuyeze magazi.

Mwana akapezeka nawo, chitani izi. M'patseni madzi akumwa ambiri. M'fundikeni nthawi yozizira. Azigona m'neti usiku uliwonse. Alandire katemera yense. Azimwa mankhwala monga penisilini ndi hydroxyurea monga adokotala anenera. Thupi likatentha, kapena mimba ikatupa kumanzere, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Musatemere mphini, chifukwa magazi ake ndi ochepa kale. Zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zimasamalira ana otere.

Mwana wosamalidwa bwino amakula, amaphunzira, n'kudzakhala pantchito. Popita kusikelo ulendo wotsatira, tenganani ndi bambo kuti akamve okha.